Funsani za Makina: Kanema wa 4K akumangoima-ima pa TV, vuto lili pati?

Mwezi uno makalata angapo afika ofunsa nkhani imodzi, yosunga makanema pa NAS ndikumawaonera pa TV ya pabalaza. Kwa amene simukuidziwa, NAS ndi kabokosi kokhala ndi ma hadi disiki mkati kamene mumalumikiza ku rauta ya pakhomo, ndiye foni, laputopu ndi TV zonse zimatha kutenga ma fayilo pamenepo osadutsa pa intaneti. Makalata ena tawadula, anali atali zedi.

FUNSO

Zikomo akulu. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, kamera yanga ndi Sony a7 III ndipo ndimajambula mu 4K. Ndinagula NAS ya kampani ya Synology ya ma disiki awiri kuti ntchito zonse zizikhala malo amodzi, TV ndi LG ya 4K ndipo ndinaikokera kebulo kuchokera ku rauta poti anthu amati waya amaposa Wi-Fi. Koma makasitomala akabwera kudzaona kanema wawo amangoyenda pang'ono basi kenako kaja kozungulira kaja kayamba, mkwatibwi ali mkati movina pa perekani-perekani waima chilili pa sikirini, manyazi ake osanena. Pa laputopu kanema yemweyo akuyenda bwinobwino. Kodi anandigulitsa NAS yakufa?

Wojambula, Area 25, Lilongwe

YANKHO

Achimwene, NAS yanuyo musainamizire, ilibe mlandu. Umboni mwaupereka nokha, laputopu ikukoka kanema yemweyo kuchokera mu bokosi lomwelo osadandaula. Wolakwa ali kumbuyo kwa TV yanuyo, pabowo pamene mwalowetsa kebulo paja.

Anthu ambiri sadziwa kuti ma TV ochuluka a 4K, ngakhale odula a LG, Samsung kaya Sony, bowo lawo la netiweki ndi la liwiro la 100 Mbps (ma megabit pa sekondi) basi, osati la gigabit limene limafika 1000. Opanga ma TV amawerengera kuti muzioonera Netflix ndi YouTube, ndipo Netflix yokha imanena kuti 15 Mbps ikukwanira pa 4K, ndiye kwa iwo 100 ndi yambiri kale, aonongerenji ndalama. Tsono kamera yanuyo ikamajambula 4K pa mlingo wapamwamba imalemba 100 Mbps. Bowo lolembedwa 100 silipereka 100 yonse, pochotsa zina zimene netiweki imadya yokha mumatsala ndi 94 kaya kucheperapo. Kanema akufuna 100, bowo likupereka 94, TV imayamba ndi kamene yasungira pang'ono kaja, kakatha iime idikire, ikadzaza pang'ono iyendenso. Ndi chimodzimodzi msewu wa tala wotakasuka bwino koma pofika pamtsinje mlatho wake ndi wodutsa galimoto imodzi, kaya mukuze msewuwo bwanji mzere udzakhalapobe pamlathopo.

Hadi disiki yomwe ili mu NAS imawerenga ma megabyte oposa 100 pa sekondi osatuluka thukuta, ndipo apa chenjerani chifukwa ambiri amasokoneza, MB ndi Mb si zimodzi. Megabyte imodzi ndi ma megabit 8. Kanema wanu wa 100 Mbps akungofuna 12.5 MB pa sekondi kuchokera pa disiki, yomwe ndi ntchito yochepa kwabasi.

Choyamba yesani chimene sichifuna ndalama. Zulani kebuloyo, lumikizani TV pa Wi-Fi ya 5 GHz, osati ya 2.4 GHz. Zikumveka ngati misala poti tonse tinaphunzitsidwa kuti waya ndiye mfumu, koma pa ma TV amenewa Wi-Fi ya 5 GHz nthawi zambiri imathamanga kuposa bowo lija, bola rauta ikhale pafupi. Vuto la 5 GHz ndi makoma, nyumba zathu za njerwa zootcha ndi pulasitala wa simenti zimaidula mphamvu msanga, ikadutsa makoma awiri yatha kale. Ngati rauta ili kuchipinda ibweretseni pabalaza, ikhale pamwamba poonekera osati kuibisa kuseri kwa TV kapena mu kabati ya mbale.

NAS yokhayo isiyeni pa waya, ndipo mutsimikize kuti wayayo akuyendadi pa gigabit. Mukalowa mu DSM, pulogalamu yoyendetsera NAS ya Synology, pitani ku Control Panel, Network, kenako Network Interface, pakuyenera kuoneka 1000 Mbps. Mukapeza 100 ndiye kuti mwina rauta yanu ndi ija yotchipa ya mabowo a 10/100, kapena kebulo inamangidwa molakwika. Kebulo ya Cat5e ili ndi timawaya 8 mkati, gigabit imafuna tonse 8 pomwe 100 Mbps imangofuna 4, ndiye mnyamata wokumangirani mutu wa kebulo akaphonya kawaya kamodzi netiweki imagwirabe ntchito inde koma imatsikira pa 100 mwakachetechete, inu osadziwa. Kebulo yabwino ya Cat5e imanyamula gigabit mpaka mamita 100, simukufunika zodula kuposa apo.

Koma malangizo anga enieni kwa inu ngati wojambula ndi awa, musamaonetse makasitomala fayilo yochokera mu kamera kapena yotuluka mu editing pa mlingo wa 100. Tengani pulogalamu yaulere yotchedwa HandBrake, mupange kope ina ya H.265, njira yopanikizira kanema kuti fayilo ichepe, pa 30 kapena 40 Mbps, yoyambayo muisunge osaikhudza. Munthu wokhala pa sofa mamita atatu kuchokera pa TV sangaone kusiyana, apongozi adzalira chimodzimodzi poona mwana wawo akulowa mtchalitchi. Komanso kope imeneyo ndi yomwe mungawaikire pa fulashi akamapita, ikasewera kwawo popanda kukuimbirani foni usiku. Ndipo anzanu amene ali ndi makamera ngati Panasonic GH5 ojambula 10-bit 4:2:2 muwauze, ma fayilo amenewo ma TV ambiri sawatsegula nkomwe kaya netiweki ithamange bwanji.

FUNSO

Ndili ku Joni kuno, ndinagula Synology DS223j ndikuikamo Plex. Ndili ndi ma filimu a 4K amene ndinakopera kuchokera pa ma disiki anga a Blu-ray, ena amafika 60 GB imodzi. Chodabwitsa nchakuti filimu imayamba bwino koma ndikangoyatsa ma subtitle kuti madam azitsatira, NAS imayamba kulira fani ngati ikufuna kuuluka, chithunzi chimaima ndipo mitundu imazilala ngati chovala chochapidwa ndi jiki. Ndikazimitsa ma subtitle zonse bho. Ndiye ma subtitle angalemere kuposa filimu?

Mmalawi wa ku Johannesburg

YANKHO

Kkkk ayi bambo, ma subtitle salemera, koma akupangitsa NAS yanu kugwira ntchito imene siyingathe.

Plex, Jellyfin ndi Emby ndi mapulogalamu amene mumaika pa NAS kuti ikhale seva yotumiza makanema ku TV, ndipo onse amagwira ntchito mofanana. TV ikapempha filimu, seva imayang'ana kaye ngati TV-yo ingathe kusewera fayiloyo mmene ilili. Ikakhala kuti ingathe, seva imangotumiza osasintha kanthu, imeneyo ndiyo Direct Play, ndipo NAS iliyonse ngakhale yofooka imakwanitsa. Koma pakapezeka chinthu chimodzi chimene TV siyikuchimva, seva imayamba kumasula kanemayo ndikumumanganso mwatsopano nthawi yomweyo inu mukuonera, amati transcoding. Chithunzi cha 4K ndi timadontho 3840 mulifupi ndi 2160 mulitali, kuposa 8 miliyoni, kanayi kuyerekeza ndi 1080p, ndipo filimu imasintha zithunzi zotere 24 pa sekondi. Kuti purosesa imasule zonsezo ndikuzimanganso ikufunika mphamvu yeniyeni.

Tsono ma subtitle a pa Blu-ray, otchedwa PGS, si malemba ayi, ndi tizithunzi. Ma app ena a pa TV sadziwa kuika tizithunzi timeneti pamwamba pa kanema, ndiye Plex imati chabwino ndiziwotcherera ndekha mu chithunzi chenichenicho, ndipo kuti itero ikuyenera kumanganso filimu yonse. DS223j ili ndi purosesa ya Realtek ya mtundu wa ARM, yopangidwira kusunga ma fayilo ndi kusamala magetsi, osati ntchito imeneyi. Kuzilala kwa mitundu kuja nako ndi chizindikiro chomwecho, filimu ya HDR, ija ya mitundu yowala kwambiri, ikasinthidwa kupita ku mitundu wamba popanda chimene amati tone mapping imatuluka yotuwa.

Mankhwala ake ndi otchipa. Pezani ma subtitle a SRT, amenewa ndi malemba chabe, ka fayilo kochepa kwambiri, mukaike mu foda imodzi ndi filimuyo ndikukapatsa dzina lofanana ndendende ndi la filimu. Mukamaonera musankhe SRT-yo osati PGS. Kenako tsegulani Plex pa laputopu filimu ikusewera pa TV, muyang'ane pa Dashboard, pakalembedwa Direct Play mwapambana, pakalembedwa Transcode pa Video ndiye kuti chilipobe chikuvuta. Muonenso mu settings za app ya pa TV pa nkhani ya quality, muike pa Original kapena Maximum, chifukwa ikakhala pa nambala yotsika seva imachepetsa kanema dala ngakhale palibe chifukwa.

Musathamangire kukagula NAS ina. Inde zilipo zokhala ndi purosesa ya Intel ngati DS224+ zomwe zili ndi Quick Sync yothandiza transcoding, ngakhale pa Plex kuti muigwiritse ntchito mpaka mulipire Plex Pass, pa Jellyfin ndi ulere. Koma ine ndimaona kuti kusintha 4K pakhomo pako pomwe ndi kutaya, mwasunga 60 GB kuti muone chithunzi chabwino kenako mukulipiranso makina oti achichepetse. Ndalama imeneyo bola mugule kabokosi kosewerera kolumikiza ku TV ndi HDMI. Nvidia Shield TV Pro ya 2019 ndi yakale koma mpaka pano imameza pafupifupi chilichonse, PGS yomwe, ndipo bowo lake ndi la gigabit. Apple TV 4K yokhala ndi app ya Infuse nayo imachita bwino. Filimu yanu ya 60 GB ikakhala ya maola awiri ndiye kuti pakatikati ikuyenda cha m'ma 67 Mbps, koma pamalo pomwe pali kuphulika, mvula kapena utsi imalumpha kupyola 100, poti UHD Blu-ray imaloledwa kufika 128 Mbps. Ndiye nkhani ya bowo la TV imene ndawauza achimwene a ku Area 25 ikukukhudzaninso.

FUNSO

Mwana wanga ali ku UK anabwera pa holide ndikutiikira ka NAS ndi makanema ambiri kuti ife ndi adzukulu tizionera pa Samsung yathu. Ambiri akuyenda, koma ena anthu ake akuoneka obiriwira ndi apepo ngati mizukwa, ndipo ena chithunzi chilipo koma mawu zii. Mwanayo wabwerera ndipo akuti sakudziwa chifukwa kwake zonse zimayenda. TV yafa kodi?

Agogo a ku Zomba

YANKHO

Amayi, TV yanu ili moyo, musaitengere kwa okonza akangokudyerani ndalama. Mavuto mwatchulawa ndi awiri osiyana koma onse akuchokera pa dzina la TV yanuyo.

Makanema a 4K ambiri amabwera ndi HDR, njira yopangitsa kuti powala paziwala kwambiri ndipo pamdima pazionekabe zinthu. Koma HDR ilipo mitundu ingapo, HDR10 imene TV iliyonse ya HDR imaidziwa, HLG, HDR10+ ndi Dolby Vision. Kampani ya Samsung sinaikepo Dolby Vision mu ma TV ake, inasankha HDR10+ imene inathandiza nawo kupanga. Makanema ena a Dolby Vision amakhala ndi HDR10 pansi pake, ndiye Samsung imangotenga imeneyo nkusewera bwinobwino. Koma ulipo mtundu wina, amati profile 5, umene ulibe chogwera pansi, TV yosaudziwa imawerenga mitundu molakwika ndiye anthu nkumaoneka obiriwira ndi apepo chonchi. Mwana wanuyo mwina kwake ali ndi LG kapena Sony, amenewa Dolby Vision amaidziwa, nchifukwa chake akudabwa.

Za mawu nazo ndi choncho. Kuyambira ma TV a 2018, Samsung inasiya kusewera mawu a mtundu wa DTS. LG nayo inachotsa DTS mu 2020 ndikudzaibwezera pa ena mu 2023. Kanema amene mawu ake ndi DTS okhaokha pa Samsung yatsopano amangokhala duu.

Chimene mungachite nokha lero, kanema wopanda mawuyo akamasewera muuze mdzukulu wanu wamkulu ayang'ane pa remote posankhira mawu, pamalembedwa Audio, nthawi zambiri mumakhala mawu amitundu iwiri kapena itatu mu fayilo imodzi. Asankhe polembedwa AC3, Dolby Digital kapena AAC. Zikakanika, uthenga woti mutumize ku UK ndi uwu, mungoukopera mmene ulili: "Ika Jellyfin kapena Plex pa NAS kuti izisintha mawu a DTS, ndipo makanema a Dolby Vision profile 5 uwasinthe ndi a HDR10 kapena a 1080p." Kusintha mawu okha ndi ntchito yopepuka, ngakhale NAS yaing'ono imakwanitsa, sizili ngati kusintha chithunzi. Iye adzamva, ndipo ngati anaikonza kuti azitha kulowamo ali konko akhoza kuzichita osakwera ndege.

Ndinenenso mosabisa amayi, ngati TV yanu ndi ya mainchesi 43 ndipo mumakhala kutali nayo, makatuni a adzukuluwo akhale a 1080p basi. Adzayenda opanda vuto lililonse ndipo malo mu disiki adzatsala ambiri.

FUNSO

Funso langa ndi lachidule, kuonera kanema wa pa NAS kumadya bandulo? Ndikuopa 4K ingandimalize data ya mwezi wonse usiku umodzi. Komanso tsiku lina bandulo itatha Plex inakana kutseguka pa TV chonsecho makanema ali mnyumba momwemo.

Mphunzitsi, Mzuzu

YANKHO

Aphunzitsi, kanemayo sadya bandulo ngakhale pang'ono, akuchoka pa NAS kudutsa pa rauta kufika pa TV, zonse mkati mwa nyumba. Rauta ikhale yoyaka basi, kaya mulibe data. Zimene zimadya pang'ono ndi zithunzi za pachikuto ndi mafotokozedwe a filimu zimene seva imakatenga pa intaneti mukangoika filimu yatsopano, ndi ma update.

Koma mwagunda pa chilema chenicheni cha Plex kwa ife kuno. Plex imafuna kuti mulowe ndi akaunti yanu kudzera pa ma seva awo, ndiye intaneti ikasowa app ina imangokuyang'anani. Njira ilipo, mu Settings za seva pa Network pali malo olembedwa "List of IP addresses and networks that are allowed without auth", pamenepo mulembe netiweki ya pakhomo panu, mwachitsanzo 192.168.1.0/24 ngati manambala a rauta yanu amayamba choncho, ndipo muchite zimenezi data ikadalipo. Zimathandiza koma si app iliyonse ya pa TV imene imamvera.

Kwa munthu wodalira bandulo ine ndimati Jellyfin. Inayamba mu 2018 pomwe anthu ena anapatuka ku Emby, ndi yaulere yonse, akaunti yanu imakhala pa NAS yanu yomweyo ndipo siyipempha chilolezo kwa wina aliyense kunja. Maonekedwe ake sanasalale ngati a Plex, ndipo pa ma TV ena kuika app yake ndi chintchito, koma pa Android TV ndi Fire TV imalowa mosavuta. Njira ina yachikale ndi DLNA, mumangoyatsa Media Server pa NAS, TV imaiona yokha pa Source, mulibe zokongoletsa koma imagwira. Kapena pulogalamu yotchedwa Kodi pa kabokosi ka Android, kumatenga ma fayilo molunjika kudzera pa SMB, njira yogawirana ma fayilo pa netiweki ya pakhomo. Amene munazolowera Video Station ya Synology dziwani kuti anaichotsa mu 2024 pa DSM 7.2.2, mukapanga update imapita.

FUNSO

Kwathu magetsi amathima pafupipafupi. NAS yanga yayamba kulemba uthenga woti inazimitsidwa molakwika ndipo ikayaka imatha nthawi yaitali ikudzifufuza, nthawi imeneyo makanema amakakamira. Koma poti ili ndi ma disiki awiri a RAID ndiye kuti palibe choopsa eti?

Mlongo wanu, Chilomoni

YANKHO

Achemwali, choopsa chilipo ndithu. RAID 1 imangolemba chinthu chimodzi pa ma disiki awiri kuti imodzi ikafa inayo ipitirize. Koma magetsi akabwera ndi mphamvu nkuwotcha bokosi lonse, kaya mphenzi ya mu Januwale, kaya mwana wafufuta foda ya zithunzi za ukwati wanu, zimapita pa ma disiki onse awiri nthawi imodzi. Zimene simungazipezenso kwina, makanema a banja, a maliro a makolo, a ubatizo wa ana, mukhale ndi kope ina pa hadi disiki ya USB imene mumailumikiza pokopera pokha kenako nkuizula, ndipo ngati nkotheka izikhala nyumba ina.

Kukakamira kwa makanema NAS ikangoyaka ndi chifukwa ikuwerenga ma disiki onse kuona ngati akugwirizanabe, ikamaliza zimabwerera mwakale. Koma kuzimitsidwa mwadzidzidzi kobwerezabwereza si kwabwino, tsiku lina idzakupezani ili mkati molemba. Gulani UPS, bokosi la batire lopitiriza kupereka mphamvu magetsi akathima, ngakhale yaing'ono, NAS ya ma disiki awiri siyidya magetsi ambiri. Chofunika ndi chakuti UPS-yo ikhale ndi bowo la USB la data, muilumikize ku NAS ndikuyatsa UPS support mu Control Panel pa Hardware & Power, kuti magetsi akathima NAS idziwe ndikudziimitsa yokha mwadongosolo batire isanathe. UPS yopanda USB imangochedwetsa ngozi, magetsi akathima inu muli ku ntchito batire idzatha ndipo NAS idzagwa chimodzimodzi. Rauta muiikenso pa UPS yomweyo. TV ayi, imeneyo ingamalize batire msanga. Amene muli ndi sola ndi inveta, onetsetsani kuti inveta ndi ya pure sine wave ndipo imasintha mwachangu osazimitsa zinthu.

FUNSO

Mu shopu ina anandiuza kuti 4K siyingaoneke bwino popanda kebulo ya HDMI ya mitu yagolide, mtengo wake ngati wa foni. Ndi zoona? Komanso fulashi yanga ya 64 GB ikukana filimu ya 20 GB, ikuti fayilo yakula chonsecho mulibe kanthu.

Mnyamata wa ku Mchinji

YANKHO

Aise, golideyo asiyireni okha. Ngati mukuonera ndi app ya mu TV momwemo HDMI siyikukhudzidwa nkomwe. Ngati muli ndi kabokosi kosewerera, kebulo yolembedwa Premium High Speed, ya 18 Gbps, imanyamula 4K ya HDR pa mafulemu 60, ndipo yotchipa ndi yodula zikakhala za mlingo umodzi chithunzi chake ndi chimodzimodzi. Chimene ambiri amaiwala ndi kuyatsa bowo la HDMI mu settings za TV, pa LG amati HDMI Ultra HD Deep Colour, pa Samsung Input Signal Plus, pa Sony Enhanced format, popanda zimenezo HDR mwina siyibwera.

Fulashiyo ili pa format ya FAT32, imene siyilola fayilo imodzi yopyola 4 GB. Koperani kaye zimene zilimo ngati zilipo, muipange format kukhala NTFS kapena exFAT, muyese pa TV yanu kuti imawerenga iti poti ena amakana imodzi mwa ziwirizi. Ndipo fulashi imeneyo ikuthandizaninso poyesa, kanema akamakakamira pa NAS koma pa fulashi akuyenda bwino ndiye kuti vuto ndi netiweki, akakana ponse pawiri ndiye kuti TV siyikuidziwa fayiloyo.